Silaidi: kawaya kamene kanandidyetsa nsomba ku Durban koma kukandichititsa manyazi kwa Kachindamoto

Mwana wa achemwali anga anabwera Loweruka lapitali kudzatsanzika, akuti mnzake wamupezera ganyu yotsuka magalimoto ku Durban. Ndinamuuza kuti atenge chikwama changa chakale pansi pa bedi. M'chikwamamo anapezamo kachitini, ndipo atatsegula anayamba kuseka.

"Malume, mwayamba kutchera mbewa ndi waya wa m'sitolo?"

Munali timawaya tisanu towedzera nsomba, timene amati silaidi, topindidwa ngati pini yomangira thewera koma tokulirapo, tiwiri tatadyeka ndi dzimbiri. Ndinamukhazika pakhonde ndi kumufotokozera mpaka tiyi anazizira. Zomwezo ndizo ndalemba pano, chifukwa anyamata akwathu amene ali ku Durban ndi ambiri, ndipo ndikudziwa kuti Lamlungu ena amangoyendayenda m'mbali mwa nyanja kusirira anzawo akuwedza.

Ine ndine wa ku Lizulu, kuno kumene msewu wa M1 ndiwo malire, uku Malawi uko Mozambique. Kwathu timadziwa kachewere, kabichi ndi tomato. Madzi aakulu amene ndinakula ndikuwaona ndi a pachitsime cha kudimba. Agogo anga aamuna, Mngoni wa kwa Gomani, anatsikira kuli chete osalawapo nsomba, ankati imeneyo ndi njoka ya m'madzi. Akanadzuka lero n'kumva kuti mdzukulu wawo anakaphunzira kuwedza kummwera komwe makolo athu anachokera, sindikudziwa akanandikwapula ndi chiyani.

Ndinafika ku Durban mu 2017, ndinkagwira ntchito ya m'maluwa chakummwera kwa mzindawu, dera la Amanzimtoti. Abwana anali ndi ndodo yowedzera yakale m'galaja, yotalika mamita anayi ndi kanthu, pamodzi ndi reel yake, kawilo kokulungira chingwe kaja. Anandipatsa ulere. Miyezi yoyamba ndinkagwira shad, nsomba ya mano akuthwa imene imafika yambiri nyengo yozizira, ndipo ndinkakhutira. Koma pathanthwe pomwe ndinkaima pankabweranso madala ena achimwenye, munthu wochepa thupi, wosakonda zolankhula, amene ankakoka zinsomba zoti munthu mmodzi sanganyamule. Chimene chinkandizunguza mutu n'chakuti iwo ankaponya chingwe chopanda nyambo.

Vuto la munthu wowedza ataima pamtunda ndi ili. Nsomba zikuluzikulu zimakonda kuyenda kuseri kwa mafunde, kumene madzi amayamba kuya, ndipo zimafuna nyambo yaikulu: nsomba yathunthu, mutu wa mackerel, kapena kansomba kamoyo. Tsono yesani kuponya nyambo yolemera theka la kilogalamu. Imagwa pafupi ngati mwaponya dzungu, ikapanda kutero imathothoka m'mwamba, ndipo ngati ndi yamoyo imafika pamadzi itafa kale. Sinka yokha, chitsulo cholemera chija, imauluka kutali, wodziwa kuponya amapitirira nayo mamita 100. Silaidi anaipangira kulekanitsa ziwirizi. Sinka ipite yokha, nyambo itsatire pambuyo.

Kachitidwe kake nkotere. Kumapeto kwa chingwe mumamanga kamphete kachitsulo kolimba. Kumunsi kwa kampheteko mumamangako sinka, ndipo isakhale sinka wamba koma ya miyendo ya waya imene imakanirira mumchenga ngati zala za nkhanu. Ine ndinkagwiritsa ya 7 kapena 8 ounce, ndiye kuti magalamu pafupifupi 200 mpaka 230. Kachingwe kolumikiza sinka ndi mphete kazikhala kofookerapo kuposa chingwe chachikulu, kuti ikakodwa m'miyala muluze sinka yokha, nsomba itsale. Mukaponya, mumakoka pang'onopang'ono mpaka mumve kuti yagwira, chingwe chili nga nga nga ngati cha gitala. Apa m'pamene silaidi imalowa. Ili ndi kawaya kopotana ngati sipuling'i, mumapiringizamo chingwe chanu n'kutseka, ndipo kumchira kwake n'komwe kuli mbedza ndi nyambo. Mukaisiya imatsetsereka ndi chingwe kulowa m'madzi. Chinsinsi chili pa mapindidwe ake: ikamapita kutsogolo imayenda mosavuta, koma funde likaikankha kuti ibwerere, kamkono kake kamapendeka n'kupana chingwe. Kubwerera ayi.

Tsiku limene madala aja anandiphunzitsa silichoka m'mutu. Unali mwezi wa July, m'bandakucha, kuzizira ngati ku Bembeke. Anandipatsa silaidi yawo imodzi, anakolowekako pamsana kansomba kamoyo kotchedwa mullet, n'kundiuza kuti ndikwere pamwamba penipeni pa thanthwe ndi kukweza ndodo. Kenaka anangoti, "Gwedeza." Ndinayamba kugwedeza ngati ndikuthothola mango. Anandigwira mkono.

"Osati choncho. Pang'onopang'ono, ngati ukugoneka mwana."

Mutu wa ndodo uzitsika, uzikwera, uzitsika, uzikwera, mosadukiza. Ikatsika chingwe chimakhwepa ndipo nyambo imasuntha, ikakwera chingwe chimawongoka. Ndinagwedeza mphindi khumi kapena kuposa, mapewa akuyaka moto, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira. Ine wolima mizere kuyambira ubwana ndinkaganiza kuti palibe ntchito ya manja ingandigonjetse. Madala aja, okhala ngati mphepo iwagwetsa, ankagwedeza yawo uku akumwa tiyi wa m'fulasiki.

Patapita nthawi chingwe chinangoti lende, ngati chaduka. Mtima unagwa. Madala anakuwa kuti ndikulunge msanga. Ndinakulunga, ndinakulunga, kenaka ndodo inapindika mpaka ndinagwada. Inali garrick, nsomba yasiliva yosaka zinzake, yaitali kuchokera pansi kufika m'chiuno mwanga. Usiku umenewo m'kachipinda kathu tinadya anthu asanu ndi mmodzi, awiri a ku Ntcheu, mmodzi wa ku Mangochi amene anaikonza, ena a ku Zimbabwe. Wa ku Mangochi uja anati ikuchepa kukoma poyerekeza ndi chambo, koma mbale yake inabwerera kawiri.

Pa ntchito imene anaipangira, silaidi ndimaipatsa ulemu wonse. Ndi kanthu kolowa m'thumba la shati, kopanda batire, kopanda injini, ndipo pamene ndinkagula mtengo wa kamodzi sunkaposa wa chakudya cha masana pa takeaway. Zaka zisanu ndinagwira nako garrick, kob, ndi zinsomba zina zaphwatalala ngati lichero zokhala ndi mchira wa chikwapu. Zimenezi zikagwira zimamatirira pansi ngati mwakola chitseko cha galimoto, mumalimbana nazo ola lathunthu, mukazifikitsa n'kuzibwezanso m'madzi. Poyamba zobweza nsombazi zinkandiwawa. Munthu wochokera kumene usipa timawerenga pa mulu, kubweza ndiwo za mudzi wonse! Ndinazolowera mochedwa.

Tsopano zoipa zake, poti wogulitsa sangakuuzeni.

Choyamba, kawayaka n'kotchipa koma abale ake ndi odula. N'chimodzimodzi munthu kukupatsa goli laulere, ng'ombe ndi ngolo ukagule wekha. Pamafunika ndodo yaitali yolimba msana yotha kuponya sinka yolemera, reel yolowa chingwe chambiri, ndi chingwe cha nayiloni chokhuthala, cha 0.50 kapena 0.55 mm. Chingwe choluka chija amati braid n'chabwino pa zina, koma pa silaidi ine ndinachisiya, sichigwirizana ndi kukhuzana ndi waya. Ndiye masinka. Pamalo a miyala tsiku lina ndinataya anayi dzuwa lisanafike pamutu. Apa mawu oti ndalama zalowa m'madzi sakhala okuluwika.

Chachiwiri ndicho chimaliritsa amuna aakulu. Nsomba ikagwira nyambo silaidi isanafike pamphete, n'kuthamanga, waya uja amakhuza chingwe mothamanga kwambiri mpaka chimatentha n'kuduka. Mumangomva ndodo yapepuka. Mukakulunga mumapeza kumapeto kwa nayiloni kwapotana ngati tsitsi lopsa ndi moto. Kutaya nsomba yaikulu pa silaidi kunandichitikira katatu, ndipo kawiri mlandu unali wanga: ndinatopa kugwedeza, ndinadzinamiza kuti nyambo yafika. Mankhwala ake ndi awiri basi. Gwedezani kupitirira pamene mukuganiza kuti zakwana, ndipo nsomba ikagwira musathamangire kukoka mwamphamvu, yambani mwakulunga mpaka mphete igunde silaidi.

Kachitatu mlandu sunali wanga. Ndinagula paketi ya masilaidi otchipa pa kashopu kena m'tauni, asanu pa mtengo wa awiri. Pooneka anali ofanana ndi enawo. Sabata ziwiri anayamba kufiira, ndipo tsiku lina chinthu chachikulu chitagwira, kawaya kotsekera kanangotambasuka ngati waya womangira mpanda wa nkhuku. Nsomba inapita ndi mbedza, nyambo ndi silaidi yomwe, ine n'kutsala ndi sinka. Awiri adzimbiri amene mphwanga anawapeza m'chitini ndi otsala a paketi imeneyo, ndinawasunga kuti ndizikumbukira. Pogula, finyani kamkono kake ndi chala chachikulu. Kabwino kamalimba ndipo mukakasiya kamabwerera pamalo pake ndi kaphokoso. Kakakhala kofewa, kasiyeni ngakhale akupatseni ulere. Yendetsaninso chala mkati mwa sipuling'i muja, mukamva pokanda dziwani kuti pamenepo ndi pamene padzadye chingwe chanu. Alipo okhala ndi kachitsulo kolemera pamimba ndi ena opanda. Olemerawo amathandiza nyambo yakufa kudutsa mafunde aukali, opandawo ndi a nyambo yamoyo, imene imasambira yokha. Mukaweruka muziwatsuka ndi madzi a pampopi, mchere suseka ndi chitsulo.

Chinanso, silaidi imafuna malo. Chingwe chanu chimakhala chitatambalala nthawi yaitali, ndiye mukaima pakati pa chigulu, monga zimakhalira ku Blue Lagoon pamene mtsinje wa Umgeni umathira m'nyanja nyengo ya shad, mukolana ndi anthu khumi ndipo mutukwanidwa m'zilankhulo zitatu. Nyanja ikakhala ndi ndere zambiri, kapena madzi akamakokera cham'mbali, musavutike n'komwe. Ndere zimaunjikana pachingwe, silaidi imaima panjira, sinka imazuka.

Njira zina zotumizira nyambo kutali ndinaziona, zina ndinaziyesa. Ya kaiti imafuna mphepo yochokera kumtunda kupita kunyanja, pamene ku Durban mphepo nthawi zambiri imawomba motsata gombe, mwina kuchokera kumpoto chakum'mawa, mwina kummwera chakumadzulo. Ndinayesapo kufufumitsa jumbo n'kumangirira pachingwe m'mawa wina kamphepo kakuchokera kumtunda. Inapita bwinobwino mamita angapo, mphepo inatembenuka, jumbo ndi nyambo zinabwerera kudzandipeza pamapazi ngati galu wakwathu. Anyamata ena olimba mtima amasambira ndi nyambo kukaisiya kuseri kwa mafunde. Kusambira utanyamula mutu wa nsomba wochucha magazi m'madzi mmene muli shaki! Maukonde otchinga shaki amene anayamba kuikidwa ku Durban mu 1952 sanawaike chifukwa cha maloto. Ine wa ku Lizulu ndinkangoonerera.

Kenaka kunabwera ma drone. Kuno tinawamvera ku Kasungu, kumene mu 2017 anatsegula malo oyeserako tindege timeneti pa ntchito zothandiza anthu monga kunyamula zachipatala. Ku Durban anthu andalama ankanyamulira nyambo. Munthu amakhala pampando, kandege n'kunyamula nyambo mamita mazana angapo, n'kukaiponya pamene iye wafuna. Sindinama, ndinasirira. Ife tikuthyoka mapewa, mnzathu akungodina ndi zala. Koma mtengo wa kamodzi unali malipiro anga a miyezi ingapo, ndipo ndinaonapo kena kakugwera m'madzi mwini wake atagwira kumutu. Mu February 2022 nthambi ya boma la South Africa yoona za nkhalango, usodzi ndi chilengedwe inalengeza kuti kuwedza ndi drone kapena timaboti toyendetsa ndi rimoti n'kosaloledwa, poti chilolezo cha kuwedza ndi cha munthu wogwiritsa ndodo, reel ndi chingwe ndi manja ake. Ogulitsa zipangizozi anakasuma, koma mu 2024 khoti la apilo linagwirizana ndi boma. Nkhaniyi inandipeza ndili kuno kale, mnzanga wa ku Mangochi uja ananditumizira pa WhatsApp. Silaidi sinakhudzidwe. Injini yake ndi mapewa ako.

Poti ndatchula malamulo, mphwanga ndinamuuza izi kawiri, ndipo inunso mumve. Musaponye chingwe m'nyanja ya ku South Africa mulibe chilolezo. Ine ndinkagula ku positi ofesi, cha chaka chonse. Shad amalola zinayi pa tsiku, iliyonse isachepere masentimita 30, ndipo kuyambira pa 1 October mpaka pa 30 November saloleza kuigwira n'komwe. Garrick ndi ziwiri pa tsiku, zosachepera masentimita 70. Nsomba yogwira ndi chilolezo chimenechi sagulitsa. Mlendo amene mapepala ake ali kale okayikitsa asawonjezere mlandu wa nsomba.

Ndinabwerera kumudzi mu 2022, madzi osefukira a mu April atawononga kumene tinkakhala. Ndodo ndinabwera nayo, yogawika patatu, inadutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pachipata cha Dedza itakulungidwa m'bulangete. Pamalire paliponse ankandifunsa ngati ndi mfuti. Chaka chotsatira, nyengo ya mwera, ndinati ndikawaonetse a kunyanja mmene amawedzera anthu oyenda. Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.

Ndinakwera galimoto mpaka pa Masasa, n'kutsika phiri la Khwekhwerere kufika ku Golomoti, kuchoka apo Mtakataka, kenaka kabaza mpaka pagombe lina la kwa Kachindamoto. Ndinalumikiza ndodo anthu atandizungulira, ana, amayi oyanika usipa pa thandala, asodzi osoka maukonde. Ndinaponya sinka, ndipo kunena zoona inauluka bwino, anthu anachita kuwomba m'manja. Ndinakoloweka utaka pa silaidi, ndinakweza ndodo, ndinayamba kugwedeza.

Nyambo inayenda mamita ngati khumi n'kukhala pansi.

Pagombe pamenepo palibe thanthwe loti ukwerepo, mchenga uli see, ndipo madzi ndi osaya. Ukhoza kuyenda mtunda ndithu ali m'mawondo. Chingwe changa m'malo motsetsereka chinangogona, theka lake likukhudza pansi. Mafunde a mwera analipo, koma ndi aafupiafupi, ongomenya kutsogolo, alibe mphamvu ija yokokera zinthu mkati imene funde la nyanja yamchere limakhala nayo pobwerera. Nyanja yathu sidzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku ngati ya kuja. Ndinagwedeza, ndinagwedeza. Ana anayamba kunditsanzira, atagwira mabango, akugwedeza motsatira ine. Mayi wina anafunsa mnzake mokweza ngati amenewa ndi mapemphero.

Bambo wina wachikulire amene ankasoka ukonde anabwera pafupi, anayang'ana silaidi ija mbali zonse, anaiyamikira kuti waya wake ndi wabwino.

"Koma achimwene, mukufuna nsomba yanji?"

Ndinati kampango.

"Kampango pamchenga pano? Ameneyo amakhala kozama. Mukamufuna kwerani bwato."

Anaitana mdzukulu wawo, kamnyamata ka zaka ngati khumi ndi ziwiri. Kanatenga nyambo yanga ndi sinka yomwe, kanalowa m'bwato, kanapalasa mpaka chingwe chinatsala pang'ono kutha pa reel, n'kuponya m'madzi. Mphindi zisanu sizinakwane. Ndinakapatsa K500. Ndinaganiza za azungu a ma drone aja, ndi milandu yawo ya ku khoti, ndinaseka ndekha. Madzulo ndinakoka mlamba umodzi wonenepa bwino, umene bamboyo anati ndikanaugwiranso ndi mbedza ya K100 ndi nyongolotsi kumabango kuseri kwa nyumba yawo. Anandichenjezanso kuti kukamada ndisaime m'madzi ndi nyambo m'manja, kumabangoko kumabwera ng'ona.

Choncho amene muli kuno ndipo mwaona kanthuka pa intaneti, sungani ndalama zanu. Mwina pamiyala ya ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay, pamene madzi amayamba kuya pafupi ndipo munthu ungaime pamwamba, kangayende, koma ine kumeneko sindinakayese, ndipo kumene kuli bwato sindikuona chifukwa chothyolera mapewa. Amene muli ku Durban, ku Richards Bay kapena ku Port Shepstone, muli kale ndi ndodo yolimba, ndipo mwatopa ndi tinsomba ta m'mphepete, gulani tiwiri tabwino, kolemera ndi kopanda, musiye paketi ya asanu. Mukapeze mkulu wina pathanthwe amene amaponya chingwe chopanda nyambo, muime pafupi naye mwaulemu, mum'gwirire chikwama.

Mphwanga ndinamupatsa atatu abwinowo, ndinawakulunga m'kansalu kopaka mafuta a makina. Anafunsa za ndodo. Ndinamuuza kuti ndodo ikhala, ayambe wagwira ntchito miyezi itatu, agule chilolezo, anditumizire chithunzi chake, tikambirane. Anaika timawaya tija m'thumba la jekete, ananyamula chikwama, ndipo ndinamuperekeza mpaka pamsika pamene amayi ake ankamudikira ndi thumba la kachewere loti akadye panjira, ngati kuti m'basi muli moto wophikira.